Piriton, prednisolone, inhela kapena kungopewa fumbi: ziwengo ndi mphumu tizithana nazo bwanji kuno ku Lilongwe?

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba igwe, Lilongwe amakhala wa fumbi basi. Misewu ya dothi ya ku Chinsapo, Mtandire, Kauma, mkati mwa Area 25 umu, njinga yamoto ikangodutsa fumbi kuti kobo, kwinaku anthu akutentha tchire kusaka mbewa, ena akutentha zinyalala madzulo, nde mu minibasi aliyense ndi kuyetsemula, maso psuu, ana chifuwa chikulira usiku wonse. Yankho lomwe timapatsana ndi lomwe lija, "mwani Piriton", zikakanika "mwani prednisolone", pena wina nkubwera ndi botolo la zomwe akuti zokweza chitetezo. Njira zilipo zingapo koma sizofanana mpang'ono pomwe, ina imathandiza mphuno koma m'chifuwa siifikamo, ina ikuthandizani lero nkukuwonongerani thupi chaka chamawa. Tiyeni tiziyike pamodzi tizione.

Poyamba timvane chomwe chikuchitika m'thupimo, chifukwa apa ndi pomwe ambiri timaphonya. Munthu wa ziwengo chitetezo chake sichochepa ayi, chikugwira ntchito mopyola muyezo pa zinthu zosalakwa, ngati galu wolondera yemwe wayamba kuluma ana a pakhomo pomwepo. Thupi likakumana ndi mungu wa udzu, ndowe za mphemvu, tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'matilesi, ubweya wa mphaka kapena mtedza, limapanga asilikali otchedwa IgE, omwe Kimishige ndi Teruko Ishizaka ku America, komanso akatswiri ena ku Sweden, anawatulukira cha m'ma 1966 ndi 1967. Asilikaliwa amakamatirira pa maselo ena omwe ali pakhungu, m'mphuno, m'mapapo ndi m'matumbo, ndipo ulendo woyambawo simumva kanthu. Mukadzakumana nacho chinthucho kachiwiri, maselo aja amakhuthula histamine ndi zinthu zina pa mphindi zochepa chabe, mitsempha ya magazi nkutakasuka nkuyamba kuchucha madzi, ndiye kutupa kuja, kuyabwa, mamina oyera ngati madzi, ndipo m'mapapo timipaipi ta mpweya timafinyika. Pakadutsa maola angapo kumabwera chigawo chachiwiri, maselo ena amakhamukira pamalopo nkusiya kutupa kokhalitsa, ndipo chigawo ichi muchigwire bwino chifukwa ndi chomwe chimasiyanitsa mankhwalawa. Akatswiri ambiri amati mbali iyi ya chitetezo ntchito yake yeniyeni ndi kulimbana ndi njoka za m'mimba ndi tizilombo ngati ta likodzo, kungoti imasokonekera.

Nde za maboosta, zokweza chitetezo zija, ndiyambe nazo kuti zichoke. Ngati vuto ndi chitetezo cholusa, mukuchikwezeranji? Ma tiyi, ma ufa ndi ma kapiso omwe anthu akutsatsa pa WhatsApp ndi pa Facebook pamtengo woti mukanagula inhela ya miyezi ingapo, pa ziwengo alibe ntchito. Kudya bwino ndi kwabwino kwa aliyense, koma sikuchotsa IgE.

Njira yotchipa kuposa zonse, komanso yotopetsa kuposa zonse, ndi kupewa chomwe chimakuwengani. Pa chakudya ndi pa mankhwala iyi ndiye njira yeniyeni, ngati mazira kapena nsomba kapena ngumbi zimakutulutsani ziwengo pasanathe ola limodzi kapena awiri mutadya, zisiyeni basi. Za ngumbizi musadabwe, anthu ena omwe amadana ndi nkhanu kapena tizilombo ta m'fumbi tija amawengedwanso ndi tizilombo todyedwa chifukwa muli puloteni yofanana. Pa fumbi ndi mungu nkhani ndi yovutirapo, simungathawe Lilongwe yense, koma zilipo zomwe zimachepetsa ndithu. Kuwaza madzi musanasese kapena kukolopa m'malo mosesa, kuchapa mabulangete ndi zofunda ndi madzi otentha nkuziyanika padzuwa, makamaka za pakaunjika musanafunde, kutulutsa matilesi panja, kuchotsa kapeti wakale kuchipinda kwa mwana, kusasiya nyenyeswa usiku kuti mphemvu zichepe, kupukuta nguwi pakhoma nthawi ya mvula. Koyilo ya udzudzu m'chipinda cha munthu wa mphumu ayi, gonani mu neti. Mbaula m'nyumba mu Juni ndi Julayi ndi mavuto awiri, utsi umaputa chifuwa ndipo makala m'chipinda chotseka amapha ndi anthu abwinobwino omwe. Masiki omwe tinawazolowera mu 2020 aja, pa kabaza amathandizabe. Maluwa a jacaranda timawanamizira kwambiri mu Okutobala chifukwa ndi omwe amaoneka, koma mungu womwe umauluka ndi mphepo kwambiri ndi wa udzu. Kuipa kwa njira yopewayi nkoti payokha nthawi zambiri siikwanira, komanso anthu amaipitirira, mwana nkumuletsa mazira, mkaka, nsomba, mtedza, zonse pakamodzi pongoganizira, mapeto ake mwana akunyentchera pomwe chomwe chimamuvuta ndi fumbi la m'matilesi.

Pamenepa ndiwonjezere za ana akhanda. Kale ankati mwana asamadye mtedza msanga kuopa ziwengo, koma kafukufuku wa LEAP yemwe anachitikira ku London, zotsatira zake zinatuluka mu 2015, anapeza zosiyana. Ana omwe anayamba kudya za mtedza ali makanda, ziwengo za mtedza zinawachepera ndi pafupifupi 80 pa 100 poyerekeza ndi omwe anawaletsa. Nde phala lothira nsinjiro lomwe amayi athu amayambitsa mwana akakwana miyezi 6 lija ndi lanzeru, bola mtedza ukhale wosinja bwino komanso wopanda chuku. Mwana yemwe ali kale ndi chikanga chachikulu, yambani mwafunsa kuchipatala.

Tsopano Piriton, mfumu ya m'ma famase. Ntchito yake ndi imodzi, kutchinga histamine, ndipo pa kuyetsemula, mamina, maso oyabwa ndi ziwengo zotuluka mwadzidzidzi zija amathandizadi. Ndi wotchipa, amapezeka paliponse. Koma amalowa mu ubongo nkugonetsa, mphamvu yake imatha pa maola 4 mpaka 6 pomwe ulesi wake umatha kufika mmawa, nde kwa dalaivala wa minibasi, wa kabaza, munthu wogwira makina ku Kanengo kapena mwana yemwe ali ndi mayeso, si wabwino. Akaphatikizana ndi mowa ndiye zimaipiratu, ndipo kwa agogo amaumitsa kukamwa, kusokoneza mutu, kwa abambo achikulire pena nkuvutitsa kukodza. Cetirizine ndi loratadine ndi a banja lomwelo koma atsopano, piritsi limodzi la 10 mg patsiku kwa wamkulu, sagonetsa kwenikweni ngakhale cetirizine ena amawafooketsabe pang'ono. Mtengo wake ndi wokwererapo koma poti mukumwa limodzi patsiku kusiyana kwake sikwakukulu monga timaganizira. Ine ngati munthu akuvutika nyengo yonse ya fumbi ndingasankhe awa, Piriton nkusiyira usiku womwe kuyabwa kwakana tulo. Chomwe onsewa sachita: sathandiza mphumu, sakhudza kutupa kwa chigawo chachiwiri kuja, ndipo mphuno ikatsekeka kwambiri amangopeputsa pang'ono.

Pa mphuno yotsekeka miyezi ndi miyezi, chomwe chimaposa mapiritsi ndi sipule ya m'mphuno ya steroid, mankhwala oziziritsa kutupa, monga ya beclomethasone kapena fluticasone. Imaika mankhwala ochepa kwambiri pamalo penipeni potupapo, m'magazi simulowa ambiri. Vuto lake ndi loti siigwira pompopompo, imafuna masiku angapo mpaka masabata awiri mukupopera tsiku lililonse, ndiye ambiri amaitaya tsiku lachitatu nkumati ndi yabodza. Musaisokoneze ndi timadontho totsegula mphuno ngati Otrivin, ito timatsegula pa mphindi zochepa inde, koma mukapitirira sabata mphuno imayamba kutsekeka kuposa kale mukangosiya. Kutsuka m'mphuno ndi madzi a mchere pang'ono, owiritsa nkuwasiya azizire, kumathandizanso ndipo ndi kwaulere.

Mphumu ndiye pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa apa anthu akufa. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni anali ndi mphumu padziko lonse ndipo 455,000 anamwalira nayo, ambiri mwa iwo a m'maiko osauka ngati lathu lino. Inhela zilipo za mitundu iwiri ndipo ambiri timadziwa umodzi. Ya buluu ija, salbutamol, yomwe timangoti Ventolin, imamasula timipaipi ta mpweya pa mphindi zochepa, munthu nkupuma. Koma kutupa komwe kwayambitsa kubanikako siikukhudza, nde mawa zibweranso. Ina ija, nthawi zambiri yabulawuni, ya beclomethasone, simumva kanthu mukapopera, koma ndi yomwe imaziziritsa kutupa ikamagwiritsidwa ntchito tsiku lililonse, olo tsiku lomwe muli bwinobwino, ndipo ndi yomwe imachepetsa kugonekedwa m'chipatala ndi imfa. Mu 2019 bungwe la GINA lomwe limapereka malangizo a mphumu padziko lonse linasiya kuvomereza kuti achinyamata ndi akuluakulu azidalira ya buluu yokha. Kulinso inhela zophatikiza monga budesonide ndi formoterol zomwe zimagwira ntchito zonse ziwiri, zabwino zedi koma zodula ndipo sizipezeka paliponse. Ngati ya buluu mukuifuna kupitirira kawiri pa sabata, kapena chifuwa chikumakudzutsani usiku, kapena mukumaliza inhela za buluu zitatu pachaka, pitani ku kiliniki mukafunse za yopewera ija. Mukapopera yabulawuni muzichukucha mkamwa nkulavula, kupewa zoyera za mkamwa ndi mawu kusasa.

Pali mawu omwe amandiwawa kumva, akuti inhela ukaiyamba suisiyanso, kapena kuti ndi ya munthu woti watsala pang'ono. Chifukwa cha mawu amenewa makolo amakana inhela nkusankha mapiritsi kapena silapu ya salbutamol. Komatu piritsi limazungulira thupi lonse lisanafike m'mapapo, limachedwa kugwira, limanjenjemeretsa manja, mtima nkumathamanga, pomwe inhela mlingo wake ndi wochepa kwambiri ndipo ukupita pomwe pali vuto. Inhela siizoloweretsa thupi. Munthu yemwe akuipopera pafupipafupi ndiye kuti mphumu yake siikusamalidwa bwino, si kuti inhelayo yamugwira. Chomwe chimalepheretsa ndi kapoperedwe, ambiri mankhwala amangothera pa lilime. Mwana, ngakhalenso wamkulu, azipopera kudzera mu spacer, kachubu komwe inhela imalowa mbali imodzi munthu nkumapumira mbali inayo, ndipo ngati palibe, botolo la pulasitiki la 500 ml loboola kumbuyo kuti inhela ilowe limagwira ntchito, madokotala a ku Cape Town anayesa zimenezi pa ana mu 1999 nkupeza kuti limafanana ndi yogula. Kupopera kamodzi, kupuma kanayi kapena kasanu, kenako kupoperanso. Anesi angakuonetseni. Komanso wa mphumu asamale ndi aspirin, Brufen ndi diclofenac chifukwa ena amawabanikitsa, ndipo akamalandira mankhwala a BP anene kuti ali ndi mphumu, poti propranolol ndi atenolol angathe kuiputa.

Ndiye prednisolone ndi dexamethasone. Awa ndi amphamvu zedi, ndipo mphamvuyo ndi yomwe imatinyenga. Amazimitsa chitetezo thupi lonse, nde chilichonse chimaoneka ngati chatha, kuyabwa, chifuwa, maondo, mphuno, zonse mawa lake. Mphumu ikavuta kwambiri dokotala amapereka a masiku ochepa, kawirikawiri 5 kwa wamkulu, ndipo apo amapulumutsa moyo, musawakane. Koma kumangogula nokha pa kauntala kapena kwa ogulitsa mankhwala pamsika nkumamwa miyezi, mtengo wake ndi uwu: shuga, BP, nkhope kufufuma, mafupa kufooka, ng'ala m'maso, khungu kupyapyala, zilonda kuchedwa kupola, ndipo kuno komwe TB ili paliponse mukuitsegulira khomo. Ena amamwa dexa dala kuti anenepe, komatu kunenepa kwake ndi madzi ndi mafuta a kunkhope ndi pamimba kwinaku minofu ikutha. Choopsa china, mukamwa kupitirira masabata atatu thupi limachepetsa kupanga steroid wakewake, nde kusiya mwadzidzidzi kungakugwetseni. Ngati muli kale m'menemo musangosiya lero, pitani akakuchepetsereni pang'onopang'ono. Dzina loti steroid lili pa inhela yabulawuni, pa sipule ya m'mphuno ndi pa mapiritsiwa, koma kusiyana kwa mlingo wofika m'magazi ndi kwakukulu, nchifukwa chake zimandidandaulitsa kuona munthu akuopa inhela koma prednisolone akumwa ngati Panado.

Pakhungu nkhani ndi yomweyo. Chikanga cha ana chija, chotuluka m'masaya, kuseri kwa maondo ndi m'zigongono, chimayamba ndi khungu louma lomwe likulowetsa zinthu, nde mankhwala oyamba ndi mafuta, Vaseline wopanda fungo kapena emulsifying ointment, kangapo patsiku komanso akangotuluka kosamba, nkusiya sopo wa pefyumu ndi sopo wochapira posambitsa mwana. Chikayaka, hydrocortisone 1% kwa masiku ochepa ndi wofatsa. Betamethasone ndi clobetasol ndi amphamvu, si a kunkhope, si a khanda popanda dokotala, ndipo ndi omwe amapezeka m'mafuta ambiri oyeretsa khungu. Musanadzole kalikonse onetsetsani kuti ndi ziwengodi. Kuyabwa usiku banja lonse, pakati pa zala ndi m'chiuno, nthawi zambiri ndi mphere. Zozungulira zija ndi zipere, ndipo steroid amazikulitsa. Chimodzimodzinso chifuwa chopitirira masabata awiri, kutuluka thukuta usiku, kuonda, kayezetseni TB musananene kuti ndi fumbi.

Za makolo sindingazinyoze zonse. Madzi ofunda a mandimu, jinja ndi uchi amafewetsa kukhosi, kungoti uchi si wa mwana wosakwana chaka. Kudzifukiza ndi bulugamu ena kumawatsegula mphuno kwakanthawi, koma fungo lamphamvu wa mphumu lingamubanikitse, ndipo ana ambiri amapsa ndi madzi ake. Mphumu mwachibadwa imapita nkubwera, ana ena imawaleka akamakula, nde nkosavuta kukhulupirira kuti mphini kapena mankhwala a m'botolo ndi omwe achiza. Olo mutasankha kuyesa, inhela isatayidwe.

Kuyezetsa nanga? Kulipo kwa pakhungu, amadontheza tinthu tosiyanasiyana pamkono nkubaya pang'ono, nkuona pomwe patupe pakatha mphindi 15, kulinso kwa magazi koyeza IgE. Kuno zimenezi nzodula ndipo muzipeza kwambiri kwa a pulayiveti, komanso zotsatira zimatha kunena kuti mumadana ndi chinthu chomwe mumadya bwinobwino, makamaka kwa anthu omwe anadwalapo njoka za m'mimba kapena likodzo. Kwa ambiri kakope kolemba chomwe mwadya, komwe munali ndi nthawi yomwe zayamba kamathandiza dokotala kuposa pepala la ku labu. Njira yozoloweretsa thupi pang'onopang'ono ndi majakisoni kapena timadontho, yomwe inayamba mu 1911 ku London, ndi yokhayo yomwe imasintha chitetezo chenichenicho, koma imatenga zaka 3 mpaka 5 ndipo imafuna akatswiri ake, nde kwa ambirife ndi ya kutali.

Chitetezo chikasokonekera sichithera pa ziwengo. Pena chimatembenukira thupi lenilenilo, ndiye shuga ya ana ija ya mtundu woyamba pomwe chimawononga maselo opanga insulin, nyamakazi yotupitsa timfundo ta zala mbali zonse ziwiri nkumauma mmawa, lupus yomwe imakonda amayi achitsikana, ndi matenda a mtima omwe amabwera mwana wa zaka 5 mpaka 15 akadwala zilonda za kukhosi za bakiteriya osalandira penicillin, asilikali aja nkuyamba kuwononga ma valuvu a mtima. Amenewa Piriton alibe nawo gawo. Shuga ija ikufuna insulin, mtima uja ukufuna jakisoni wa benzathine penicillin mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri, lupus ndi nyamakazi ija zili ndi mankhwala ake monga hydroxychloroquine ndi methotrexate omwe amafuna kuyezedwa magazi, nde ndi nkhani ya ku kiliniki ngati za ku Kamuzu Central, osati ya pa kauntala.

Pali pawiri pomwe palibe zoyerekeza njira. Munthu akadya chinthu, akalumidwa ndi njuchi kapena mavu, kapena akabayidwa jakisoni, nkuyamba kutupa milomo, lilime kapena kukhosi, mawu kusintha, kubanika, chizungulire, kukomoka, mankhwala ake ndi adrenaline wobaya pantchafu, ndipo amapezeka kuchipatala. Piriton ndi prednisolone amachedwa, musadikire kuti muone ngati agwire. Mugonekeni chagada miyendo m'mwamba, ngati akubanika akhale tsonga, asayende yekha, pezani galimoto mupite chipatala chomwe chili pafupi, kaya ndi Area 18, Kawale, Bwaila kaya Area 25, ndipo akapeza bwino musakakamire kubwerera msanga chifukwa zimatha kubwereranso pakadutsa maola. Pachiwiri ndi ziwengo za mankhwala zomwe zimabwera pakapita masiku kapena masabata mutayamba kumwa, monga Bactrim, Fansidar, nevirapine kapena mankhwala ena a khunyu ngati carbamazepine ndi phenobarbitone. Mukaona kutentha thupi, zilonda mkamwa, maso ofiira, zilonda kumaliseche kapena khungu kusupuka, musamwenso mlingo wina, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutanyamula mankhwala onse omwe mukumwa. Akatsimikiza, apempheni alembe dzina la mankhwalawo ndi zilembo zazikulu patsamba loyamba la buku lanu la kuchipatala, ndipo a pabanja panu alidziwenso. Bactrim ndi Fansidar ndi a banja limodzi la sulfa, nde mayi woyembekezera yemwe Bactrim anamuwengapo anene ku sikelo asanapatsidwe Fansidar.